Nkhuni, Dizilo ndi Sitima za pa Nyanja ya Malaŵi

Munthu akakwera mapiri a ku Ntchisi kapena a kuvuma kwa Dowa m'mwezi wa Meyi, mvula itangoleka kumene, utsi wa lupsa usadayambe kuphimba dziko, amaona kamzere konyezimira patali kumunsi. Imeneyo ndi nyanja. Ife a kuno ku Mtengowanthenga ndife anthu a kumtunda, odziwa khasu ndi ngolo, ndipo ambiri mwa makolo athu adamwalira asadapondepo m'bwato. Komabe agogo anga aamuna nyanjayo ankaidziwa. Ali mnyamata adagwirapo ntchito ya mtengatenga, kusenza katundu kuchokera pa doko la Domira Bay ndi kukwera naye zitunda mpaka pa boma la Dowa. Tikamaotha moto madzulo ankatisimbira za sitima. Chimene chidawazizwitsa sichidali kukula kwake kapena kulira kwa mluzu wake, koma dyera lake. Ankati pa gombe pankakhala milu ya nkhuni yotalika kuposa nkhokwe, ndipo sitima ikakocheza milu yonseyo inkalowa m'mimba mwake dzuwa lisadapendeke. "Chinthu chija sichinkakhuta," ankatero.

Mabuku amene tidaphunzira, ndiponso amene ine ndidaphunzitsa kwa zaka zambiri, amatchula maina a sitima ndi maina a azungu amene adabwera nazo. Sakonda kufunsa kuti chinkayendetsa sitimazo n'chiyani, ndipo ankachidyetsa ndani. Chonsecho yankho la funso limeneli ndi limene linkalamula kumene sitima ikafike, masiku amene itenge pa ulendo, ndi anthu amene akhetse thukuta kuti iyende.

Sitima zisadabwere, pa nyanja pankayenda mabwato opalasa ndi nkhafi ndiponso zombo za matanga. Zombo zotchuka zidali za Jumbe wa ku Nkhotakota, zimene zinkaolotsa minyanga ya njovu ndi akapolo kupita ku tsidya la kuvuma. Chombo cha matanga chilibe njala, koma ndi kapolo wa mphepo. Mwera ukakula chimabisala, kukachita bata chimangoyandama pamodzimodzi. Sitima ya nthunzi siinkadikira mphepo. Ichi n'chifukwa chake boma la Britain litaika sitima zake zankhondo ziwiri, Pioneer ndi Adventure, pa nyanjayi m'chaka cha 1893, masiku a zombo za akapolo adayamba kuwerengeka.

Kagwiridwe ntchito ka injini ya nthunzi si kovuta kumvetsa kwa aliyense amene adaonapo chivundikiro chikuvina pa mphika wa nyemba. Madzi amawiritsidwa m'chimphika chachitsulo chotsekedwa kolimba, chotchedwa boyila. Nthunzi ikasowa potulukira imakhala ndi mphamvu yokankha, ndiye amaitsegulira njira yopita mu silinda, m'mene imakankha pisitoni uku ndi uku. Pisitoniyo amapukusa mtanda wachitsulo, ndipo ku mapeto a mtandawo, pansi pa madzi, kumakhala chipalasiro chimene chimakankha madzi kumbuyo kuti sitima ipite kutsogolo. Vuto la injini yotere n'lakuti ndi yosakaza. Moto wambiri umathawira ku chumuni, ndipo m'mainjini aang'ono a nthawi imeneyo mphamvu yofika ku chipalasiro siinkakwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu ya motowo. Ku Ulaya ankasonkhezera malasha, amene amayaka nthawi yaitali ndipo satenga malo ambiri. Kuno malasha a ku Rumphi adadzayamba kukumbidwa patapita zaka zambiri. Chotsala chidali nkhwangwa.

Woyamba kulawa zowawa zake adali David Livingstone. Sitima yake, Ma Robert, imene idalowa mu Zambezi m'chaka cha 1858 ndi kukwera Shire chaka chotsatira, inkameza nkhuni koopsa, mwakuti anthu ankadula mitengo tsiku ndi theka kuti sitimayo iyende tsiku limodzi lokha. Ngakhale mitengo yamtengo wapatali monga phingo inkathera m'ng'anjo yake. Inkapuma movutikira ngati munthu wa chifuwa cha mphumu, ndipo nthawi zina mabwato opalasa ndi manja ankaipitirira. Livingstone adafika ku nyanja mu Seputembala 1859 akuyenda pansi, sitimayo ataisiya kumunsi kwa mathithi.

Sitima yoyamba kuyandama pa nyanja yathu idali Ilala, imene idabwera ndi a mishoni ya Livingstonia motsogozedwa ndi E.D. Young, pamodzi ndi Dr Robert Laws. Dzina lake lidachokera ku dera la Ilala, ku Zambia ya lero, kumene Livingstone adamwalirira m'chaka cha 1873. Kasitimako kadali kakang'ono, kotalika mamita 15 okha kapena kuchepera pang'ono. Atafika pa mathithi a Shire adakaphwasula, ndipo anthu mazanamazana, amene adasonkhanitsidwa ndi mafumu a Amakololo, adasenza zitsulo zake pamutu m'dzuwa la chilimwe, kudutsa m'miyala ndi m'zigwembe mpaka kumtunda kwa mathithiwo. Young adachitira umboni kuti palibe kachitsulo ngakhale kamodzi kamene kadasowa. Pa 12 Okutobala 1875 Ilala idatuluka mu Shire ndi kulowa m'nyanja.

Zitatero sitima zidachuluka. Kampani ya African Lakes, imene anthu adaitcha Mandala, idakhazikitsidwa m'chaka cha 1878 ndipo idadzakhala ndi sitima monga Domira ndi Queen Victoria. A mishoni ya Anglican ya ku Likoma adayamba ndi Charles Janson, kenaka Chauncy Maples. Nkhani ya sitima yachiwiriyi ndi yoyenera kuimapo pang'ono. Idapangidwa ku Glasgow m'chaka cha 1899 ndi kutumizidwa kuno m'zidutswa 3,481. Zidutswa zonse zikadatha kusenzedwa pamutu kupatulapo chimodzi, boyila, amene ankalemera matani 11 ndipo sakadatheka kugawidwa. Adamukweza pa chingolo chapadera, ndipo amuna achingoni okwana 450 adachikoka ndi zingwe kulambalala mathithi, tsiku lililonse kusuntha mtunda umene mwana wa sukulu amayenda m'mawa umodzi. Amisiri atayamba kulumikiza adapeza kuti manambala olozera malo a chidutswa chilichonse adakwiririka pamene zitsulozo zinkakutidwa ndi mankhwala oletsa dzimbiri. Ntchito idatenga zaka ziwiri, ndipo sitimayo idalowa m'madzi m'chaka cha 1901. Idakhala sukulu, tchalitchi ndi chipatala choyandama. Pa zithunzi zake zakale timaona ansembe ndi ana a sukulu. Amuna 450 aja maina awo sitikuwadziwa.

Sitima iliyonse mwa zimenezi inkayenda ngati munthu wa ulendo amene alibe thumba la kamba, woti adye pakhomo lililonse limene wafikapo. Kuchokera ku Fort Johnston, kumene lero timati Mangochi, mpaka ku Karonga, padakhazikitsidwa malo otengerapo nkhuni, ndipo woyendetsa sitima ankayenera kudziwa kumene kuli mulu wouma monga momwe ankadziwira kumene kuli miyala ya pansi pa madzi. Nkhuni zaziwisi zinkatanthauza nthunzi yofooka ndi ulendo wochedwa. Malo amene akadanyamulapo katundu ankadzaza ndi zipika. Pa madoko a madzi osaya nkhunizo zinkapita ku sitima pa mabwato, ndipo m'kati mwa sitimamo, pansi penipeni, mudali amuna ovula malaya amene ankaponya zipika m'ng'anjo usana ndi usiku, kusinthana ngati opuntha mapira.

Kwa anthu a m'mbali mwa nyanja ndi mwa Shire, nkhuni zidasanduka njira imodzi yopezera ndalama ya msonkho wa nyumba, umene boma la atsamunda lidayamba kutolera m'zaka za m'ma 1890. Munthu ankadula, kuwaza, kuunjika mendulo ndi kudikira kalaliki adzayeze. Chaka ndi chaka mitengo yolimba inkathawira kutali ndi gombe, ndipo mtunda wosenza unkatalikirabe. Sindikunena kuti sitima ndizo zidatha nkhalango zathu zonse. Fodya, njerwa, makala ndi kuchuluka kwathu zidadzachita zazikulu kuposa pamenepo. Koma msika woyamba waukulu wa nkhuni m'dziko muno, pamene mtengo udayamba kuonedwa ngati ndalama, udali pa gombe.

Nkhondo ya 1914 idaonetsa poyera kuti mwini injini ndiye mwini nyanja. Ajeremani, amene ankalamulira tsidya la Tanganyika, adali ndi sitima imodzi yokhala ndi mfuti, Hermann von Wissmann, imene idayamba kuyenda m'chaka cha 1893. Angerezi adali ndi Guendolen, ya m'chaka cha 1899, yaikulu koposa zonse pa nyanjapo. Pakati pa mwezi wa Ogasiti 1914, nkhondo itangoyamba ku Ulaya, Kaputeni Rhoades adapita ndi Guendolen ku Sphinxhaven, kumene lero ndi Liuli, ndipo adapeza sitima ya Ajeremani itakokedwera pamtunda kuti ikonzedwe, ng'anjo yake ili zii. Adaiombera pomwepo. Woyendetsa wake, Kaputeni Berndt, amene adali bwenzi la Rhoades ndipo adali asadamve kuti kwagwa nkhondo, adabwera pa kabwato ali wolusa kudzafunsa ngati mnzakeyo waledzera. Adagwidwa ukaidi. Kuchokera tsiku limenelo sitima za Angerezi zidanyamula asilikali, mfuti ndi chakudya kupita kumpoto popanda wozitsekereza, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho Ajeremani adabwezedwa pa Karonga. Mfuti ya Guendolen idaikidwa pafupi ndi nsanja ya wotchi pa Mangochi. Nkhuni zimene zidayendetsa maulendo onse a zaka zinayi za nkhondoyo zidadulidwa ndi manja.

Pamene izi zinkachitika, ku Ulaya kudali kutabadwa kale injini ya mtundu wina. Rudolf Diesel, katswiri wachijeremani, adaonetsa injini yake ikugwira ntchito bwino ku Augsburg m'chaka cha 1897. Wophunzira aliyense wa kuno amaidziwa, pakuti ndi yomweyo imene imagunda pa chigayo cha kumudzi kumene magetsi sadafike. Mu injini imeneyi mulibe boyila kapena ng'anjo. Pisitoni amapanikiza mpweya mu silinda mpaka mpweyawo utatentha koopsa, monga momwe pampu ya njinga imatenthera m'manja ukamapopa mofulumira. Pa nthawi yomweyo mafuta ochepa amafayiridwa m'katimo ngati nkhungu, amayaka okha, ndipo kuphulika kwake kumakankha pisitoni. Moto uli m'kati mwa silinda momwemo, choncho wochepa ndi umene umatayika. Injini yoyamba ija ya Diesel inkasandutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mphamvu ya mafuta kukhala ntchito, zimene injini ya nthunzi ya masiku amenewo siikadalota n'komwe. M'chaka cha 1912 sitima yaikulu ya ku Denmark, Selandia, idayenda ndi dizilo kuchokera ku Ulaya mpaka ku Bangkok, ndipo anthu pa madoko ankadabwa kuona sitima yopanda chumuni.

Amene adailandira injiniyi ndi manja awiri adali opanga sitima zankhondo zoyenda pansi pa madzi. Pano ndipatuka pang'ono kupita ku Italy, poyamba chifukwa vuto la choyendetsa sitima lidaonekera bwino kumeneko, ndiponso chifukwa sitima za Ataliyana zimenezi zidadzadutsa pafupi ndi kwathu kuno kuposa momwe ambiri amaganizira.

Moto umafuna mpweya, ndipo pansi pa madzi mpweya umene ulipo ndi wokhawo umene anthu akupuma. Sitima yoyamba yotere ya Ataliyana, Delfino, ya m'zaka za m'ma 1890, poyamba inkayenda ndi mabatire okha, choncho siinkatha kupita patali. Akatswiri, mmodzi mwa iwo Cesare Laurenti, adaganiza zoika zoyendetsera ziwiri m'sitima imodzi: injini ya mafuta yoyendera pamwamba pa madzi, ndi mota ya magetsi yoyendera pansi. Adayamba ndi petulo. Koma fungo la petulo likadzaza m'chipinda chotsekedwa, kakuthetheka kamodzi n'kokwanira. Mu Epulo 1909 sitima yotchedwa Foca idaphulika pa doko la Naples ndipo amalinyero adafa. Dizilo sagwira moto msanga chotero. Sitima za gulu la Medusa, zimene zidayamba kulowa m'madzi m'chaka cha 1911, zidali zoyamba za Ataliyana kuyendera dizilo, ndipo zambiri mwa izo injini zake zidali za FIAT, kampani yomwe ija ya magalimoto.

Kayendedwe kake kadali kotere. Sitima ili pamwamba, injini za dizilo zinkapukusa zipalasiro, ndipo pa mtanda womwewo padali mota ya magetsi imene ikapukusidwa inkasanduka dayinamo, ngati ya nyali ya njinga, n'kumadzaza mabatire. Mdani akaoneka, amisiri ankazimitsa dizilo, kutseka mipope yonse ya mpweya ndi utsi, kulumula injini ku mtanda uja, ndipo mota yomwe ija inkayamba kumwa magetsi a m'mabatire ndi kupukusa chipalasiro mwakachetechete. Mabatirewo adali ambiri ndi olemera, odzaza pansi ponse pa sitima, komabe akathamanga ndi liwiro lonse ankatha mu ola limodzi kapena kupitirira pang'ono. Akayenda mwa kang'onong'ono, ngati nkhalamba yopita kudimba, ankatha kupirira tsiku lathunthu. Pambuyo pake, afune asafune, ankayenera kuvuuka usiku kuti injini ipume mpweya ndi kudzazanso mabatire. Idali mvuu yachitsulo, yobisala m'madzi koma yosatha kukhalamo osatulutsa mphuno.

Italy atalowa m'nkhondo yachiwiri mu Juni 1940, adali ndi sitima zotere zisanu ndi zitatu pa doko la Massawa, ku Eritrea. Zinayi zidatayika mwezi womwewo. Kumtunda, asilikali a Nyasaland a m'gulu la King's African Rifles, amene makolo athu ankangoti a Keyala, adakumana ndi Ataliyana pa Moyale mu Julaye 1940 ndiponso ku Somaliland mu Ogasiti. M'midzi yambiri ya kuno ku Dowa mudali nkhalamba zimene zinkati zikamwa pang'ono zinkayamba kusimba za ku Abisiniya, ndipo ife ana tinkaziyesa nthano. Ataona kuti Massawa agwa posachedwa, sitima zinayi zotsala zija, Archimede, Guglielmotti, Ferraris ndi Perla, zidanyamuka kumayambiriro kwa Malichi 1941. Zitatu zidatsika pakati pa Mozambique ndi Madagascar, kudutsa kunja kwa doko la Beira kumene katundu wa Nyasaland ankatsikira, pamene Perla idazungulira kuvuma kwa Madagascar. Zidakhota kumwera kwa Africa, zidamwetsedwa mafuta pakati pa nyanja ndi sitima za Ajeremani, ndipo mu Meyi zidafika ku Bordeaux, ku France, zitayenda mailosi oposa 12,000. Pafupifupi ulendo wonsewo zidayenda pamwamba pa madzi, pa mphamvu ya dizilo. Woyendetsa Guendolen, amene ankafunafuna mulu wa nkhuni pakangopita masiku owerengeka, akadamva zimenezi akadapukusa mutu.

Pa nyanja yathu dizilo adafika mochedwa, ndipo adabwera pambuyo pa njanji. Mafuta sakadasenzedwa pamutu kuchokera ku nyanja yamchere monga zidutswa za Ilala. M'chaka cha 1935 mlatho wa pa Zambezi udatsegulidwa, ndipo njanji yochokera ku Blantyre idadutsa pa Chipoka n'kukafika ku Salima. Chipoka lidasanduka doko lokumanirapo sitima ya pamtunda ndi ya pamadzi, ndipo Domira Bay ya agogo anga idayamba kuiwalika. Kampani ya njanji idaika pa nyanja sitima ya katundu yoyendera dizilo, Mpasa. Kenaka idabwera Vipya, yonyamula anthu, imene idalandiridwa ndi chimwemwe chachikulu. Pa 30 Julaye 1946, pa ulendo wake wachinayi wokha, idakumana ndi mwera waukali pafupi ndi Florence Bay, ku Chitimba, ndipo idagubuduzika n'kumira ndi anthu 145, ambiri mwa iwo okwera m'kalasi yotsika. Pa zifukwa zake anthu adatsutsana, ena kuloza mamangidwe ake kuti idali yolemera kumwamba, ena kuloza chiganizo chopitiriza ulendo m'mphepo yotero. Injini yatsopano idachotsa kudikira nkhuni, ndipo nthawi zina kudikirako n'kumene kunkasunga sitima zakale pa doko namondwe akamadutsa. Ili ndi ganizo langa chabe.

M'malo mwa Vipya mudabwera Ilala yachiwiri. Idapangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Scotland m'chaka cha 1949, idafika ku Beira m'zidutswa, idakwera njanji mpaka ku Chipoka, ndipo idalumikizidwa ku Monkey Bay n'kuyamba kuyenda m'chaka cha 1951. Ndi yotalika mamita 52, ndipo ili ndi injini ziwiri za dizilo, iliyonse ndi chipalasiro chake. Injinizo zidasinthidwapo kangapo m'zaka zonsezi, thupi lili lomwelo. Kwa anthu a ku Likoma, Chizumulu, Usisya ndi Ruarwe, sitimayi idakhala msewu, msika ndi positi ofesi. Nayo Chauncy Maples, imene boma lidaigula kwa a mishoni m'chaka cha 1953, idachotsedwa injini ya nthunzi m'chaka cha 1967 n'kuikidwa ya dizilo. Boyila wa matani 11 uja, amene adathyola misana ya amuna 450, ntchito yake idathera pamenepo.

Kusinthaku kudapumitsa mitengo ya m'mbali mwa nyanja ndi amuna a pa ng'anjo. Kudachotsanso kandalama ka wodula nkhuni, n'kukapereka kwa eni zitsime za mafuta a kutsidya kwa nyanja zamchere. Nkhuni zinkagulidwa ndi ndalama yathu, kwa anthu athu, pa mtunda wongoyenda pansi. Dizilo aliyense amene amayaka m'dziko muno amagulidwa ndi ndalama zakunja ndipo amalowera ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam. Nkhondo ya ku Mozambique itatseka njanji za ku Beira ndi Nacala m'zaka za m'ma 1980 tidalawa tanthauzo lake, ndipo tidalawanso m'zaka za 2011 ndi 2012, pamene magalimoto ankagona pa mizere ndipo amayi a kuno adabwerera ku mtondo chifukwa zigayo zidali chete.

Ndili mphunzitsi wachinyamata, chaka china tidasonkha ndalama ndi anzanga n'kutenga ana a Sitandade 8 pa lole kupita ku Chipoka kuti akaone nyanja. Tidachita mwayi, Ilala idali pa doko, ndipo mmisiri wina wachifundo adalola kuti titsike asanuasanu kukaona chipinda cha injini. Mudali motentha, monunkha mafuta, mwaphokoso loti munthu sungamve mnzako ali pambali pako. Mtsikana wina, amene ndidali nditangomuphunzitsa za Ilala yoyamba sabata yomweyo, adayang'ana uku ndi uku n'kufunsa mokuwa kuti nanga nkhuni amasunga pati. Mmisiri uja adaseka, adapukuta manja pa chisanza, ndipo adagogoda ndi sipanala kampope kakang'ono kachitsulo, kosaposa chala cha mkombaphala, kamene kankatsika kuchokera ku thanki kupita ku injini.